Nthaŵi za Mneni m'Chingerezi: Mbiri ya Kaŵerengedwe Kake

1. Mawu oyamba

Mphunzitsi wa Chingerezi akafunsidwa kuti mneni wa chinenerochi ali ndi nthaŵi zingati, kaŵirikaŵiri amayankha kuti 12, ndipo amatha kuzindandalika pa bolodi m'mizere itatu ya zipinda zinayizinayi. Katswiri wa zinenero akafunsidwa funso lomwelo amayankha kuti ziŵiri zokha. Mabuku a galamala amene adalembedwa pakati pa 1586 ndi 1900 amatchula nthaŵi zisanu, ena zisanu ndi imodzi, ena zisanu ndi zinayi. Alembi onseŵa ankafotokoza chinenero chimodzi, ndipo onse ankachidziŵa bwino. Nanga adasiyana bwanji chotere?

Yankho limene pepala lino likupereka ndi ili. Chingerezi chili ndi nthaŵi ziŵiri zimene zimaoneka pa thupi la mneni mwiniwake. Zina zonse zidakula pang'onopang'ono kuchokera kwa aneni amene kale adali ndi matanthauzo awoawo, monga kufuna, kukhala ndi ngongole, kukhala ndi chinthu m'manja, ndi kupita. Alembi a galamala, amene ntchito yawo adaiphunzirira pa Chilatini, adayesa kulonga zonsezi m'nkhokwe imene idalukidwira chinenero china, ndipo chiŵerengero cha nthaŵi chinkakwera kapena kutsika malinga ndi mmene mlembi aliyense ankailemekezera nkhokweyo.

Tisanapite patali tisiyanitse zinthu ziŵiri zimene Chicheŵa chimazitchula ndi liwu limodzi. Pali nthaŵi imene imayenda ndi dzuŵa, ya dzulo, lero ndi maŵa. Imeneyi tiitcha nthaŵi ya chilengedwe. Palinso kusintha kwa maonekedwe a mneni kumene kumalozera ku nthaŵi ya chilengedweyo. Kumeneku tikutcha nthaŵi ya mneni. Angerezi ali ndi mawu aŵiri, ‘time’ ndi ‘tense’, koma lachiŵirili lidachokera ku ‘tens’ wa Chifalansa chakale, amene nayenso adachokera ku ‘tempus’ wa Chilatini, ndipo ‘tempus’ ankatanthauza zonse ziŵiri. Chisokonezo chachikulu chidayambira pamenepa.

2. Choloŵa chochokera kwa Agiriki ndi Aroma

Buku la galamala ya Chigiriki limene anthu amati adalemba ndi Dionysius Thrax, cha m'ma 100 Khristu asanabadwe, lidagaŵa nthaŵi patatu: yatsopano, yakale ndi yam'tsogolo. Yakaleyo lidaigaŵanso panayi, kotero kuti zonse pamodzi zidakwana zisanu ndi imodzi. Aroma adatengera dongosolo limeneli. Aelius Donatus, amene ankaphunzitsa ku Rome m'zaka za m'ma 300, ndi Priscian, amene ankaphunzitsa ku Constantinople cha m'ma 500, adapatsa Chilatini nthaŵi zisanu: yatsopano, zakale zitatu, ndi yam'tsogolo. M'Chilatini kaŵerengedweka kadali ndi maziko, pakuti mneni amasinthadi thupi lake pa nthaŵi iliyonse:

(1) amo, ndimakonda
(2) amabam, ndinkakonda
(3) amavi, ndakonda kapena ndidakonda
(4) amaveram, ndidali nditakonda
(5) amabo, ndidzakonda

Zaka pafupifupi mazana anayi Donatus asanabadwe, Marcus Terentius Varro adali ataona kale chinthu china chofunika. Iye adati maonekedwe a mneni wa Chilatini ali m'magulu aŵiri, la ntchito yosatha ndi la ntchito yotha, ndipo gulu lililonse lili ndi nthaŵi zitatu. Uku kudali kusiyanitsa funso lakuti ntchito idachitika liti ndi funso lakuti ntchitoyo ikuonedwa ngati yatha kapena ili m'kati. Koma mabuku a sukulu adatsata Donatus, ndipo nzeru ya Varro idakhala pambali kwa zaka zambiri.

Ku England, kwa zaka pafupifupi 1,000, kuphunzira galamala kunkatanthauza kuphunzira Chilatini. M'zaka za m'ma 1540 Mfumu Henry VIII idalamula kuti sukulu zonse zigwiritse ntchito buku limodzi, lodziŵika ndi dzina la William Lily, ndipo bukulo lidaphunzitsa nthaŵi zisanu za Donatus. Aliyense amene pambuyo pake adakhala pansi kuti alembe galamala ya Chingerezi adali ataloŵeza buku limeneli ali mwana.

3. Chingerezi chakale: nthaŵi ziŵiri

Chinenero chimene Angles ndi Saxons adafika nacho ku Britain m'zaka za m'ma 400 chidali ndi nthaŵi ziŵiri za mneni, monga zinenero zinzake za banja la Chijeremani: yakale ndi yosakhala yakale. ‘Ic lufie’ ankatanthauza ndimakonda, ndikukonda, ngakhalenso ndidzakonda. ‘Ic lufode’ ankatanthauza ndidakonda, ndinkakonda, mwinanso ndidali nditakonda. Womvera ankazindikira tanthauzo lenileni kuchokera ku mawu ena a m'chiganizo. Mmonke Ælfric, polembera ana a sukulu galamala ya Chilatini m'Chingerezi zaka zochepa chisanakwane chaka cha 1000, adakumana ndi vutoli maso ndi maso. Pomasulira ‘amabo’ adagwiritsa ntchito mneni wa nthaŵi yatsopano, naonjezera mawu otanthauza lero lomwe kapena maŵa, popeza chinenero chake chidalibe maonekedwe apadera a nthaŵi yam'tsogolo.

Nthaŵi yakale inkapangidwa m'njira ziŵiri. Aneni ena ankasintha lembo la liwu m'kati mwa tsinde, monga mmene zilili mpaka lero pa ‘sing, sang, sung’. Ena ankalandira mphatikiri wokhala ndi d kapena t kumapeto, monga ‘love, loved’. Jacob Grimm, m'buku lake la Deutsche Grammatik limene lidayamba kutuluka mu 1819, adatcha gulu loyamba aneni amphamvu ndi lachiŵiri aneni ofooka. Mayinaŵa ngonyenga, pakuti ofookawo ndiwo akhala akupambana. Mneni ‘help’ kale ankapanga nthaŵi yakale posintha tsinde, ‘healp’ kenaka ‘holp’, koma lero ndi ‘helped’. Mneni aliyense watsopano woloŵa m'chinenerochi amalandira ‘-ed’. Mu 2007 Erez Lieberman ndi anzake a ku Harvard adasindikiza m'magazini ya Nature zotsatira za kalondolondo wa aneni 177 amene sankatsata lamulo la ‘-ed’ m'Chingerezi chakale. Mwa iwo 145 adakhalabe osatsata lamulolo m'Chingerezi chapakati, ndipo 98 okha ndiwo adafika choncho m'masiku athu. Amene apulumuka kwambiri ndi aneni ogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa mwana amaŵamva kosalekeza ndipo saŵaiŵala. Mneni ‘go’ adachita kubwereka nthaŵi yake yakale, ‘went’, kwa mneni wina, ‘wend’.

Mphatikiri wa nthaŵi yatsopano nawo adachepa. Mwa ambiri amene adalipo, watsala mmodzi, ‘-s’ wa ‘she walks’. Iyeyu adachokera kumpoto kwa England nakankha ‘-eth’ wa kummwera. Baibulo la King James la 1611 lidasunga ‘-eth’, pamene Shakespeare, wa nyengo yomweyo, ankasakaniza onse aŵiri.

4. Mmene aneni othandizira adakulira

Zonse zimene mabuku a sukulu amazitcha nthaŵi, kupatula ziŵirizi, zimapangidwa ndi aneni othandizira, ndipo aliyense wa iwo ali ndi mbiri yake.

‘Will’ adachokera ku ‘willan’, kutanthauza kufuna. ‘Shall’ adachokera ku ‘sculan’, kutanthauza kukhala ndi ngongole kapena kukakamizidwa. Chimene munthu akufuna kuchita, ndi chimene ayenera kuchita, sichinachitike, motero aneni aŵiriŵa adayamba kulozera m'tsogolo. Kusinthaku kudatenga zaka mazana angapo, ndipo tanthauzo lakale silinafe. Taonani ziganizo izi:

(6) The door will not open.
(7) That will be the driver at the gate.
(8) If it rains tomorrow, the match is off.

M'chiganizo (6) chitseko chikukana kutseguka tsopano lino. Apa ‘will’ akadali kufuna. Mu (7) woyankhula wamva kugogoda ndipo akuganizira za munthu amene ali kale pa chipata. Mu (8) nkhani yonse ndi ya maŵa, koma ‘will’ mulibemo. Kuonjezera apo, ‘will’ amayenda m'chiganizo monga ‘can’, ‘may’ ndi ‘must’: salandira ‘-s’, satsatidwa ndi ‘to’, amadumpha mwininkhani pofunsa funso, ndipo ali ndi nthaŵi yakeyake yakale, ‘would’, monga ‘can’ ali ndi ‘could’.

‘Have’ ankatanthauza kukhala ndi chinthu. Poyamba munthu ankanena kuti ali ndi nsomba yogwidwa. M'kupita kwa zaka mawuwo adayamba kutanthauza kuti waigwira nsombayo. Kuchokera kwa aneni okhala ndi pamtherankhani, kanenedweka kadafalikira kwa aneni onse. Aneni a kuyenda ndi kusandulika adakhala nthaŵi yaitali akugwiritsa ntchito ‘be’, kotero kuti mpaka m'zaka za m'ma 1700 ‘she is come’ adali Chingerezi chabwino. ‘She has come’ adapambana m'zaka za m'ma 1800, ndipo chatsala ndi zizindikiro zoŵerengeka monga ‘he is gone’. M'Chifalansa ndi m'Chijeremani choyankhula, kanenedwe kofanana ndi aka kadasanduka njira wamba yosimbira zakale. M'Chingerezi sizidatero. ‘Have’ amaima pa nthaŵi yatsopano nayang'ana m'mbuyo, ndipo n'chifukwa chake Mngerezi amakana chiganizo (10):

(9) I have seen the report.
(10) I have seen the report yesterday.

‘Be’ wotsatidwa ndi ‘-ing’ adali ndi magwero aŵiri amene adakumana. Chingerezi chakale chidali ndi ‘be’ wotsatidwa ndi mneni wothera ndi ‘-ende’, komanso padali kanenedwe koika munthu pa ntchito ngati pa malo, ‘he was on hunting’, kamene kadafupika kukhala ‘a-hunting’. M'masiku a Shakespeare munthu ankatha kufunsa mnzake chimene akuŵerenga popanda ‘-ing’ konse. Lamulo lakuti ntchito yochitika pakali pano iyenera kunenedwa ndi ‘be’ ndi ‘-ing’ lidakhwima m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Chidutswa chomaliza chidafika mochedwa. Kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Angerezi ankati ‘the house is building’ pofuna kunena kuti nyumba ikumangidwa. ‘The house is being built’ adayamba kuoneka m'makalata a anthu m'zaka zimenezo, kuphatikizapo kalata ya mlakatuli Robert Southey ya 1795. Akuluakulu a chinenero adadana nako kanenedwe katsopanoka, ndipo Richard Grant White wa ku New York ankakanyozabe m'buku lake la Words and Their Uses mu 1870. Lero palibe amene angakaikire.

‘Going to’ adayamba ngati ulendo weniweni wokachita chinthu. Zitsanzo zoyamba zolozera m'tsogolo zimapezeka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, ndipo pofika zaka za m'ma 1600 munthu ankatha kunena mawuŵa ali chikhalire. ‘Do’ wa m'mafunso ndi m'ziganizo zokana adafalikira m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, monga Alvar Ellegård wa ku Sweden adasonyezera ndi ziŵerengero mu 1953.

Choncho pamene alembi oyamba a galamala ya Chingerezi ankayamba ntchito, chinenerocho chidali pakati pa ulendo. Mphatikiri adali atatha pafupifupi onse, aneni othandizira adali asanakhazikike, ndipo chida chokha chimene alembiwo adali nacho chidali Chilatini.

5. Alembi a galamala kuyambira 1586 mpaka 1935

William Bullokar adatulutsa galamala yoyamba ya Chingerezi yolembedwa m'Chingerezi mu 1586. Cholinga chake china chidali kusonyeza kuti chinenero cha makolo ake chili ndi malamulo monga Chilatini, motero adatsata Lily phazi ndi phazi. Njira yake, imene ambiri adaitsata, idali kutenga maonekedwe a mneni wa Chilatini, kuŵamasulira, ndi kutcha chomasuliracho nthaŵi ya Chingerezi. Popeza ‘amabo’ ndi nthaŵi, ‘I shall love’ nayenso adaŵerengedwa ngati nthaŵi.

Woyamba kukana njira imeneyi mwamphamvu adali katswiri wa masamu. John Wallis, pulofesa wa ku Oxford, adasindikiza Grammatica Linguae Anglicanae mu 1653, m'Chilatini, kuti alendo a ku Europe aphunzirirepo Chingerezi. Iye adadandaula kuti amene adamtsogolera adakakamiza Chingerezi kuloŵa m'chikombole cha Chilatini, naphunzitsa zinthu zambiri zimene chinenerocho chilibe. Kwa Wallis nthaŵi zidali ziŵiri, yatsopano ndi yakale, ndipo zina zonse zidali ntchito ya aneni othandizira. Komabe Wallis yemweyo ndiye adakhazikitsa lamulo lotchuka lakuti pongonena zam'tsogolo woyankhula agwiritse ntchito ‘shall’ ponena za iye mwini ndi ‘will’ ponena za ena, ndipo polonjeza kapena poopseza atembenuze. Lamuloli lidaphunzitsidwa kwa zaka 300, ngakhale anthu a ku Scotland, Ireland ndi America sankalitsata pakamwa pawo.

M'zaka za m'ma 1700 njira zidagaŵikana. James Harris, m'buku la Hermes la 1751, adayambira pa nzeru za nthaŵi ya chilengedwe napeza nthaŵi 12: zitatu zosatchula malire, ndi zitatuzitatu za kuyamba, kupitirira ndi kutha kwa ntchito. Joseph Priestley, amene dziko limamkumbukira chifukwa cha kafukufuku wake wa mpweya wa oxygen, adalemba The Rudiments of English Grammar mu 1761 natsata Wallis. Adati Chingerezi chilibe chifukwa chodzinenera nthaŵi yam'tsogolo pamene mneni wake sasintha kuti aisonyeze. Chaka chotsatira, 1762, Robert Lowth, amene pambuyo pake adakhala bishopu wa London, adatulutsa A Short Introduction to English Grammar, m'mene adatenga nthaŵi zitatu za chilengedwe napatsa iliyonse maonekedwe atatu, osatchula malire, opitirira ndi otha, zonse pamodzi zisanu ndi zinayi. Ian Michael, amene mu 1970 adasindikiza kafukufuku wa mabuku a galamala oposa 200 olembedwa chisanafike chaka cha 1800, adasonyeza kuti kusagwirizana kotereku kudali ponseponse.

Amene adapambana m'sukulu adali Lindley Murray, loya wobadwira ku Pennsylvania amene adakakhala pafupi ndi York. Buku lake la English Grammar la 1795, lolembedwera sukulu ya atsikana, lidabwerera ku mayina a Chilatini nkupereka nthaŵi zisanu ndi imodzi: yatsopano, zakale zitatu, ndi zam'tsogolo ziŵiri. Mabuku a Murray adagulidwa mamiliyoni ku Britain ndi ku America. Kupambana kwake kudadza chifukwa bukulo lidali losavuta kuloŵeza, ndipo lidagwirizana ndi zimene aphunzitsi ankadziŵa kale.

Ndandanda wa nthaŵi 12 umene uli m'sukulu zambiri lero udafalikira kwambiri kudzera m'mabuku ophunzitsira Chingerezi m'maiko olamulidwa ndi Britain. J. C. Nesfield, amene adagwira ntchito ya maphunziro ku India, adandandalika nthaŵi zitatu, iliyonse ndi maonekedwe anayi, m'mabuku ake a m'zaka za m'ma 1890, ndipo Wren ndi Martin adachita chimodzimodzi mu High School English Grammar and Composition ya 1935. Ndandandawu uli ndi ubwino wake: mwana amaona zonse pa tsamba limodzi. Kuipa kwake n'kwakuti umaika ‘walked’ ndi ‘will have been walking’ pa mlingo umodzi, umasiya kunja ‘going to’ ndi ‘used to’, ndipo umasoŵa poika ‘would’. Alembi ena adamuonjezera ‘would’ mzere wachinayi, nthaŵi nkukwana 16.

6. Zaka za m'ma 1900: kulekanitsa zimene zidasakanizika

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Amene adalongosola bwino nkhaniyi adali Otto Jespersen wa ku Denmark. Mu The Philosophy of Grammar ya 1924 adaumirira kuti nthaŵi ya chilengedwe ndi ya anthu onse, pamene nthaŵi ya mneni ndi ya chinenero chilichonse pachokha. Adagaŵa nthaŵi ya chilengedwe m'zigawo zisanu ndi ziŵiri, nafunsa mmene chinenero chilichonse chimafikira ku zigawozo ndi zida zimene chili nazo. Atatero zidaoneka poyera kuti nthaŵi ziŵiri za mneni wa Chingerezi sizimangiriridwa ku dzuŵa:

(11) The train leaves at six tomorrow.
(12) If I knew her name, I would tell you.
(13) He said that he lived in Leeds.

Mu (11) mneni ndi wa nthaŵi yatsopano koma ulendo ndi wa maŵa. Mu (12) mneni ndi wa nthaŵi yakale koma kusadziŵako ndi kwa tsopano; nthaŵi yakale ikusonyeza kuti nkhaniyo ili kutali ndi zoona. Mu (13) munthuyo mwina akukhalabe ku Leeds, ndipo ‘lived’ wangotsata ‘said’.

Mu 1947 Hans Reichenbach, mu Elements of Symbolic Logic, adapereka chida china. Adati pali mfundo zitatu: nthaŵi yoyankhulira, nthaŵi ya chochitika, ndi nthaŵi imene woyankhula waimapo poyang'ana chochitikacho. Pa ‘I saw’ ndi ‘I have seen’ chochitika chili m'mbuyo monsemo. Kusiyana n'kwakuti pa choyamba woyankhula waima m'mbuyo momwemo, pa chachiŵiri waima pa lero. Apa m'pamene chiganizo (10) chimagwera: ‘have’ akuimika woyankhula pa lero pamene ‘yesterday’ akumukokera ku dzulo. Pa ‘I had seen’ mfundo zitatuzo zimatalikirana zonse.

Noam Chomsky, mu Syntactic Structures ya 1957, adasonyeza kuti ndandanda wonse uja ungafupikitsidwe kukhala lamulo limodzi. Choyamba ndi nthaŵi, yatsopano kapena yakale, ndipo ndi yokhayo yokakamiza. Pambuyo pake pangabwere mneni wa gulu la ‘will’, kenaka ‘have’, kenaka ‘be’, m'dongosolo limeneli losasinthika, aliyense akulamula maonekedwe a mneni womtsatira. Nthaŵi imakhala pa mneni woyamba yekha. Zosankha zinayi za paŵiripaŵiri zimabala maonekedwe 16, ndipo m'menemo muli 12 a Nesfield pamodzi ndi anayi a ‘would’.

Liwu lakuti aspect, limene lidaloŵa m'Chingerezi kudzera m'maphunziro a Chirasha ndi zinenero zinzake, lidabwezeretsa nzeru ija ya Varro. Ife tingalitche kayendedwe ka ntchito. Bernard Comrie adalemba mabuku aŵiri osiyana, Aspect mu 1976 ndi Tense mu 1985, pofuna kutsindika kuti izi ndi nkhani ziŵiri. Randolph Quirk, Sidney Greenbaum, Geoffrey Leech ndi Jan Svartvik, m'magalamala awo aakulu a 1972 ndi 1985, adaŵerenga nthaŵi ziŵiri ndi mitundu iŵiri ya kayendedwe ka ntchito. Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, mu The Cambridge Grammar of the English Language ya 2002, adavomereza kuti nthaŵi yam'tsogolo palibe, koma ‘have’ adamuŵerenga ngati nthaŵi ya mlingo wachiŵiri. Renaat Declerck wa ku Belgium adateteza ganizo lakuti ‘will’ wasanduka chizindikiro cha nthaŵi yam'tsogolo. Mkangano ulipobe, koma wasintha mtundu. Akatswiri onseŵa amagwirizana pa zimene mneni amachita. Amasiyana pa funso lakuti liwu loyenda ulendo wochoka ku tanthauzo lake kupita ku galamala tiziti lafika liti.

7. Phunziro kwa okonza zinenero

Mbiri imeneyi imatikhudza pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, Chingerezi ndi chinenero cha boma ndi cha mayeso ku Malaŵi ndi ku Zambia, ndipo ku Malaŵi wophunzira wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Chachiŵiri, galamala ya chinenero chathu idayamba kulembedwa ndi anthu ophunzira m'mwambo womwewu: Alexander Riddel adatulutsa galamala ya Chinyanja mu 1880 ndi Alexander Hetherwick mu 1901. Mabuku athu a sukulu amayamba ndi nthaŵi zitatu, yakale, yatsopano ndi yam'tsogolo, zimene gwero lake ndi Dionysius Thrax. Chicheŵa chitakhala chinenero cha fuko mu 1968, ntchito yokhazikitsa malamulo ake idapatsidwa kwa Chicheŵa Board mu 1972, ndipo kuyambira 1996 idapita ku Centre for Language Studies ya University of Malaŵi. Aliyense wogwira ntchito yotere angatolepo mfundo zinayi.

Yoyamba: nthaŵi za mneni ziŵerengedwe kuchokera ku maonekedwe a chinenerocho. Mneni wa Chicheŵa ali ndi aphatikiri ambiri kuposa wa Chingerezi: -ku-, -ma-, -a-, -na- kapena -da-, -nka-, -dza-. Ali ndi nthaŵi yam'tsogolo yeniyeni, imene Chingerezi chilibe, ndipo amasiyanitsa ‘ndipita’ wa posachedwa ndi ‘ndidzapita’ wa patsogolo. Kuonjezera apo, kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha nthaŵi. Ndímathandíza ndi chizoloŵezi cha masiku onse, pamene ndimathándiza ndi ntchito imene inali m'kati kale. Mark Hanna Watkins, amene adalemba A Grammar of Chichewa ya 1937 mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago, adalemba zizindikiro za kamvekedweka, koma kalembedwe kathu ka masiku onse sikazisonyeza. Woŵerenga nthaŵi pongoyang'ana zilembo adzaphonya zina, monga wongoyang'ana Chilatini adaonjezera pa Chingerezi zimene padalibe.

Yachiŵiri: tikusoŵa mawu osiyana a nthaŵi ya chilengedwe, nthaŵi ya mneni, ndi kayendedwe ka ntchito. Angerezi adataya zaka zoposa 300 akukangana chifukwa liwu limodzi linkasenza katundu wa atatu. ‘Ndinkalima’ ndi ‘ndidalima’ zonse ndi zakale; zimasiyana pa kayendedwe ka ntchito. Mwana wodziŵa zimenezi m'chinenero chake sangavutike ndi ‘I was digging’ ndi ‘I dug’.

Yachitatu: Chingerezi chiphunzitsidwe poyerekeza ndi chimene mwana ali nacho kale. Joan Bybee, Revere Perkins ndi William Pagliuca adasonyeza mu The Evolution of Grammar ya 1994 kuti m'zinenero zambiri zizindikiro za m'tsogolo zimachokera kwa aneni a kufuna, kukakamizidwa ndi kuyenda. Chicheŵa chidayenda njira yomweyo: -dza- ndi mneni kudza, ndipo ‘ndikulima’ ndi chifupikitso cha ‘ndili kulima’, chimene chimaika munthu pa ntchito ngati pa malo monga ‘on hunting’ uja. Kuyerekezaku kumaonetsanso pamene zinenero ziŵirizi zimasiyana. Mcheŵa amati ‘ndabwera dzulo’ posonyeza kuti adafika ndipo akadali pompo. Akamasulira liwu ndi liwu amagwa m'dzenje la chiganizo (10). Ndandanda wa nthaŵi 12 sumuchenjeza za dzenje limeneli.

Yachinayi: lamulo la m'buku lili ndi malire. Lamulo la ‘shall’ ndi ‘will’ lidaphunzitsidwa ndi ndodo kwa mibadwo yambiri, koma ‘shall’ wakhala akuchepa m'kayankhulidwe wamba. ‘Is being built’ adanyozedwa kwa zaka pafupifupi 100, nakhazikika. Pamene tikuweruza pakati pa -na- ndi -da-, kapena pakati pa kanenedwe ka ku Kasungu, ka ku Zomba ndi ka ku Chipata, ndi bwino kuyamba tamvetsera ndi kulemba zimene anthu amanenadi, ndi kuona ngati kusiyanako kukusenza tanthauzo, tisanagamule kuti china ndi cholakwa.

8. Mathero

Funso lakuti Chingerezi chili ndi nthaŵi zingati lili ndi mayankho ambiri chifukwa ofunsidwawo ankaŵerenga zinthu zosiyana. Bullokar ndi Murray ankaŵerenga zomasulira za Chilatini, Harris ankaŵerenga zigawo za nthaŵi ya chilengedwe, Nesfield ankaŵerenga magulu a aneni, ndipo Wallis, Priestley ndi Jespersen ankaŵerenga kusintha kwa mneni mwiniwake. Wolemba galamala ya Chicheŵa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena ayenera kunena poyera, pa tsamba loyamba, chimene iye akuŵerenga, ndipo zitsanzo zake azitenge pakamwa pa eni chinenerocho.